Akusiyirani agalu ku North Coast? Umu ndi mmene mungawayendetsere pafupi ndi nkhalango osataya galu, osapha gwape

Izi ndikulembera abale anga amene tili kuno ku KwaZulu-Natal, kuyambira Umhlanga, Ballito, Salt Rock mpakana Mtunzini ndi St Lucia uko, amene tinabwera kudzagwira ya m'gadeni kapena ya m'nyumba koma kenako tinangopezeka kuti agalunso ali m'manja mwathu. Zimayamba pang'ono, adona angoti tamuyendetsako madzulo ano, mwezi wamawa apita ku Johannesburg masabata awiri akusiyirani makiyi, thumba la chakudya ndi agalu atatu. Galu timamudziwa ndithu, tinakula naye, koma wa kumudzi amadziyendera yekha, amadya mkute nkukagona paphulusa. Kuno nyumba imathera pomwe nkhalango yayambira, kuseli kwa mpanda kuli tiagwape, apusi, njoka ndi nkhupakupa zosaneneka, ndipo galu wa abwana za m'tchire sazidziwa koma mphuno yake imangomuuza kuti thamanga.

Ine chaka changa choyamba ndinamasula ka Jack Russell pa kanjira ka m'mbali mwa nkhalango chifukwa kankakoka mpaka kutsokomola, nde ndinakamvera chisoni. Mphindi imodzi siinathe kanali katalowa kale m'tchire. Ndinamva kulira kwina kwake ngati kamwana ka mbuzi, pofika ndinapeza kagwape kagona cham'mbali, mwendo wakumbuyo uli lende, maso ali tong'o, kakupuma mofulumira. Kanafera m'manja mwangamu kadakali kotentha. Patatha masabata awiri galu uja anasiya kudya, anali atatenga matenda a nkhupakupa. Zonsezi zinachokera pa chinthu chimodzi, ndinamasula chingwe.

Zoti mukhale nazo musanatuluke pageti

- Chingwe cholimba cha mamita awiri. Zija zotuluka m'kabokosi ukadina batani zisiyeni kunyumba, galu akathamanga mwadzidzidzi zimakupulumuka kapena kukucheka zala.
- Lamba wa pachifuwa, uja amati hanesi, makamaka kwa galu wokoka. Kolala yokha galu akabwerera m'mbuyo amaivula ngati chipewa.
- Kachitsulo ka pakolala kolembedwa nambala ya foni.
- Botolo la madzi ndi kambale.
- Timajumbo totolera manyi.
- Tizidutswa ta chakudya chomwe amakonda, m'thumba la buluku.
- Twiza kapena kachida kozulira nkhupakupa, chipeso, ndi tawelo lakale.
- Tochi, komanso pulayala yodula waya. Iyi ambiri amaiwala, muona kutsogoloku kuti ndi ya chani.
- Manambala mufoni: dokotala wa ziweto amene abwana amapitako, wina amene amatsegula usiku, bungwe loteteza ziweto la SPCA la dera lanu, wogwira njoka wapafupi, ndi a CROW a ku Yellowwood Park ku Durban amene amasamala nyama zakutchire zovulala. Musadikire tsiku la ngozi kuti muyambe kufunsa manambala.

1. Dziwani kaye kuti mwagwira galu wa mtundu wanji

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa chifukwa timaopa galu wamkulu nkumapeputsa wamng'ono. M'nkhalango woopsa kwambiri ndi wamng'onoyo. Jack Russell, Fox Terrier ndi ka Dachshund kaja ka miyendo yaifupi ndi agalu a uzimba, amalowa kuuna, amalimbana ndi njoka osabwerera m'mbuyo, ndipo akamva fungo la nyama makutu amatseka, olo muitane mpaka mawu asase. Beagle naye akaika mphuno pansi wapita basi. Amenewa musawamasule pafupi ndi tchire, olo mwini wake anene kuti amamva akaitanidwa. Amamva pa yadi.

Boerboel amafika makilo 60 kapena kuposa, vuto lake ndi mphamvu, akakoka munthu wochepa thupi amagwa chafufumimba, nde ngati simunazolowerane naye yambani kuyenda naye mkati mwa yadi masiku angapo. Ridgeback ndi Greyhound amathamangitsa chilichonse chothawa. Labrador ndi wofatsa koma amadya chilichonse chomwe wapeza ndipo akaona madzi amalumphiramo osaganiza. Pug, Bulldog ndi Boxer, a mphuno zophwatalala aja, kutentha kwa kuno kumawapha msanga chifukwa sapuma bwino, Husky nayenso ndi ubweya wake uja December amavutika zedi.

Wina ndi uja amafanana ndi agalu a kwathu, wa makutu osongoka, thupi lowonda, kuno amamutcha Africanis. Ndi wopirira, kutentha sikumuvuta kwambiri, koma musati poti ndi wachikuda safuna katemera, ndipo pa nkhani yosaka nayenso ndi katswiri.

2. Funsani kabuku ka katemera abwana asananyamuke

Musachite manyazi, funsani. KwaZulu-Natal ndi dera la chiwewe. Lamulo la South Africa limati galu ndi mphaka abayidwe katemera wa chiwewe akafika miyezi itatu, abayidwenso chaka chisanathe, kenako zaka zitatu zilizonse, koma kuno madokotala ambiri amati chaka ndi chaka chifukwa matendawa alipo pafupi. Tsegulani kabukuko muone deti lomaliza ndi maso anu. Ngati muli ndi galu wanuwanu komwe mukukhala, a boma a za ziweto amabaya ulere akamayenda m'madera, mverani zilengezo makamaka chakumapeto kwa September, pa 28 ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse. A ku Blantyre mukukumbuka mmene a Mission Rabies amayendera khomo ndi khomo kubaya agalu, nkhani yake ndi yomweyo.

Funsaninso zinthu zitatu: mankhwala a njoka za m'mimba anamwa liti, chifukwa amafunika miyezi itatu iliyonse, galuyo ali ndi kachipu kaja amaika pansi pa khungu kuti akasowa adziwike mwini wake, komanso galu akadwala iwo kulibe mumutengera kuti ndipo alipira ndani. Funso lomalizali ndi lomwe limapulumutsa galu. Anthu ambiri amachedwa masiku awiri akuopa bilu.

3. Mankhwala a nkhupakupa asadumphe

Kuno kumanyowa komanso kumatentha, nde nkhupakupa sizitha chaka chonse, zimangochulukirapo nthawi ya mvula. Mankhwala alipo osiyanasiyana, Bravecto wotafuna amagwira masabata 12, NexGard ndi wa mwezi ndi mwezi, palinso makolala ndi ena odontheza pa khosi. Lembani deti pa kalenda kapena mufoni tsiku lomwe wamwa. Amapita ndi kulemera kwa galu, musagawe piritsi la galu wamkulu kupatsa awiri ang'onoang'ono.

Chenjezo lalikulu apa: mankhwala a galu musaike pa mphaka, ena ali ndi permethrin amene amapha mphaka. Ndipo dibi wa ng'ombe, oilo wakuda wa galimoto, palafini, Doom, zonsezi pa galu ayi. Ndikudziwa kumudzi tinkaona anthu akupaka oilo galu wa nkhanambo, koma galu amanyambita thupi lake, zonsezo zimathera m'mimba.

4. Sankhani nthawi ndi njira

Kuyambira December mpaka March dzuwa la kuno si lamasewera. Yendani kukangocha kapena dzuwa litapendeka. Ikani kuseli kwa dzanja pa tala, ngati simungapirire masekondi asanu nde kuti mapazi a galu apsa. Koma dziwaninso kuti m'bandakucha ndi chisisira ndi nthawi yomwe agwape ndi mbawala zimatuluka kudzadya m'mphepete mwa nkhalango, ndiye kuti nthawi yabwino kwa galu ndi nthawi yomweyo yomwe chingwe chikufunika kugwiridwa zolimba.

Werengani zikwangwani. Malo osungira nyama a Ezemvelo KZN Wildlife ngati Umlalazi ku Mtunzini, komanso madera ambiri a paki ya iSimangaliso, agalu saloledwa, olo pa chingwe. Ma estate ali ndi malamulo awoawo ndipo faini ikabwera imapita kwa abwana, kenako nkhani imafika kwa inu. Yendani pa kanjira kopondedwa kale, osadulira m'udzu wautali, m'menemo ndi momwe nkhupakupa zimadikirira pansonga pa udzu.

5. Kugwira chingwe

Mangani hanesi geti lisanatseguke. Lowetsani zala ziwiri pansi pa lamba, zikalowa zitatu nde kuti yakhwepa. Dzanja lilowe mu lupu ya chingwe, lina ligwire pakati, koma musazengereze chingwe pa zala, galu wamkulu akadzuka amathyola chala. Akakoka imani chilili osanena kanthu, akabwerera nkukuyang'anani mupatseni kachidutswa, pitirizani. Masiku oyamba muima kambirimbiri, ulendo wa mphindi 20 utenga ola, musatope, pakatha sabata kapena awiri amayamba kumva. Kumenya sikuphunzitsa galu kuyenda bwino, kumangomuphunzitsa kukuthawani, ndipo tsiku lomwe adzapulumuke sadzabwera mukamuitana.

Agalu akakhala atatu musatenge onse ulendo umodzi ngati simunawazolowere. Agalu akakhala gulu mtima umasintha, mmodzi akayamba kuthamangitsa onse amatsatira. Foni ikhale m'thumba, mahedifoni ayi. Muziyang'ana makutu ndi mchira wa galu, akangoima njii, makutu tcheru, mwendo umodzi m'mwamba, pali chinthu, fupikitsani chingwe pomwepo inu musanachione nkomwe.

6. Mukakumana ndi nyama

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pagona nkhani.

Tiagwape. M'nkhalango za m'mphepete mwa nyanjazi muli kagwape kakang'ono kotuwa, azungu amati blue duiker, kolemera makilo 4 kapena 5 basi, ngati mphaka wamkulu, ndi kena kofiirira kokulirapo. Timakhala tiwiritiwiri pa kamalo kamodzi, sitipita kutali, nde nkhalango ikadulidwa ndi misewu ndi mipanda tilibe kothawira. Galu akakathamangitsa kamakadziomba pa mpanda, ndipo olo asakalume katha kufa patapita maola chifukwa thupi lake silipirira mantha ndi kuthamanga kotere. Ndiye zoti galu wanga sanagwire, amangosewera, sizithandiza kagwapeko. Mukakaona imani, fupikitsani chingwe, tembenuzani galu ayang'ane kwa inu, mupatseni chakudya, dikirani kalowe m'tchire.

Mukapeza kamwana ka gwape kagona kokha pansi pa chitsamba musakanyamule. Mayi wake amakabisa dala nkupita kukadya, abwera. Anthu ambiri a mtima wabwino amatola tiana totere nkumatipatsa mkaka wa m'sitolo, timatsegula m'mimba nkufa. Chokanipo ndi galu mwakachetechete. Ngati kavulala, kakutuluka magazi kapena galu wakagwira kale, kaphimbeni ndi tawelo kumutu, kaikeni m'katoni pamalo a mdima opanda phokoso, osakapatsa madzi kapena chakudya, imbirani a CROW kapena SPCA. Ndipo nenani zoona zake kuti ndi galu, malovu a galu pa bala amafuna mankhwala ake.

Mbawala. Yaikazi imathawa, koma yamphongo ikapanikizika imatembenuka ndipo nyanga zake zimang'amba galu pamimba. Musayerekeze kulowa pakati. Bwererani m'mbuyo ndi galu wanu, ipatseni njira.

Apusi. Awa muwaona tsiku ndi tsiku. Galu akauwa pansi pa mtengo mukokeni muzipita, chifukwa pusi wamphongo mano ake ndi ataliatali ndipo akamateteza ana amang'amba galu mpaka kukasokedwa. Nawonso ana a pusi ambiri amaphedwa ndi agalu m'mayadi momwemu. Gulu likamadutsa pa yadi lowetsani agalu m'nyumba mphindi khumi, lidutsa lokha. Musawagende ndi legeni, ndipo wina akakupatsani mfuti ya mpweya kuti muziwaombera kanani, kuzunza nyama ndi mlandu pansi pa Animals Protection Act ya 1962, woomberayo ndi inu. Pusi wovulala imbirani a Monkey Helpline, bungwe lopulumutsa apusi.

Chiwombankhanga. Ku Durban ndi madera ozungulira kuli chija chachikulu cha nthenga zoimirira pamutu, chimamanga chisa m'mitengo italiitali pakati pa nyumba za anthu. Chakudya chake ndi mbira, apusi ndi tiagwape, koma mwa apo ndi apo chimatha kutenga kagalu kakang'ono kapena mphaka. Ngati chili pafupi, tiagalu ngati Yorkie tisakhale tokha pa kapinga poyera. Mbalameyo ndi yotetezedwa, musaiphe, musagwetse chisa.

Ng'ona ndi mvuu. Ife a kunyanja ndi ku Shire izi sitifunika kuuzidwa, koma poti madzi a kuno amaoneka ofatsa timaiwala. Kuchokera ku mtsinje wa Tugela kupita kumpoto, mtsinje uliwonse ndi dziwe lililonse muziyesa kuti muli ng'ona, galu asamwe kapena kusambira m'menemo. Ku St Lucia mvuu zimayenda mu tauni usiku kudya kapinga, nde kuyendetsa galu mdima utagwa iwalani.

Makhwekhwe. M'tinjira ta nyama anthu amatchera waya, ndipo waya sasankha, amagwira gwape, amagwira galu. Galu wanu akakodwa amakoka ndipo wayayo amalowerabe m'khosi. Muphimbeni kumutu ndi tawelo chifukwa ululu umapangitsa olo galu wofatsa kuluma, mukankhireni kumene wayayo wamangidwa kuti akhwepe, dulani ndi pulayala ija, kenako kwa dokotala olo bala likuoneka laling'ono. Mukapeza nyama yakutchire yamoyo pa khwekhwe, makamaka mbawala kapena nguluwe, musayandikire, imbani foni. Opanda kanthu masulani, tengani wayayo mupite naye, uzani alonda a pamalopo. Ndipo abale anga, ndikudziwa nyama yakwera mtengo, koma kutchera kapena kupita ku uzimba ndi agalu popanda chilolezo kuno ndi mlandu, ndipo nkhalango zatsalazi ndi tizigamba chabe, khwekhwe khumi atha kumaliza tiagwape tonse ta kachigamba kamodzi.

7. Kugombe

Si gombe lililonse lomwe limalola agalu, onani chikwangwani pa khomo. Yendani pa mchenga wonyowa, kufupi ndi madzi. Kumtunda kouma kuja, m'munsi mwa milu ya mchenga, kuli timbalame timene timaikira mazira pa mchenga penipeni popanda chisa, mazira ake ofanana ndi mchengawo, galu akamathamangathamanga mayi amathawa nkusiya mazira padzuwa. Milu ya mchenga yokhala ndi zomera musakwere nayo galu, mizu yake ndi yomwe yagwira gombelo.

Maso akhale pansi. Asodzi amasiya mbedza zili ndi nyambo, galu akameza musakoke ulusi, musaudulenso kufupi ndi kukamwa, thamangani naye kwa dokotala uli choncho. Nsomba ija yofufuma ngati mpira, olo itafera pa gombe, ili ndi poizoni, ndipo tinthu tabuluu tija timakokoloka ndi mafunde timawawa ngati chitedze. Madzi a mchere akamwa ambiri amasanza ndi kutsegula m'mimba, mupatseni a m'botolo pafupipafupi. Manyi tolani, kaya ndi kugombe kaya m'nkhalango, muli mazira a njoka za m'mimba ndipo ana a anthu amasewera pa mchenga womwewo.

8. Mukabwerako, mphindi zisanu zofufuza galu

Ichi ndiye chizolowezi chomwe ndikanakonda aliyense atenge. Khalani pa sitepe, galu pakati pa miyendo, yendetsani zala motsutsana ndi ubweya kuyambira kumutu. M'makutu mkati ndi kuseli, pansi pa kolala, m'khwapa, pakati pa zala za kumapazi, m'mphechepeche, pansi pa mchira. Nkhupakupa ina imakhala yaing'ono ngati kanjere ka chitowe, mumaimva ndi chala musanaione. Igwireni ndi twiza pafupi penipeni ndi khungu, kokani pang'onopang'ono molunjika osafinya mimba yake, iponyeni m'kabotolo ka sipiriti. Musaiotche ndi ndudu ili pa galu, musaiphwanye ndi zikhadabo. Mukatha dzifufuzeni nanunso m'masokosi ndi m'chiuno, anthufenso timadwala malungo a nkhupakupa.

Kenako kwezani mlomo wa galu muone nkhama. Za galu wabwinobwino zimakhala zofiirira ngati mkati mwa mlomo wanu. Muziziona tsiku lililonse kuti muzolowere mtundu wake, tsiku lomwe zidzasinthe mudzadziwa pompo. Matenda a nkhupakupa amene kuno amati biliary amaswa magazi. Galu amangogona, chakudya amachinunkhiza nkuchisiya, thupi limatentha, nkhama zimayera ngati pepala kapena kuchita chikasu, mkodzo umafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Amaonekera patatha sabata imodzi mpaka atatu chilumidwireni, nthawi yomwe inu mwaiwala kale za nkhupakupa ija. Ka Jack Russell ndanena kaja kanasiya chakudya cham'mawa, ine nkumati mwina kakhuta, pofika mawa lake kankadzandira poyenda, nkhama zili mbuu. Kanachira koma kanagona kuchipatala. Galu amene amadya bwino akakana chakudya kawiri motsatizana, tsiku lomwelo kwa dokotala.

Mukaona totupa tokhala ndi kabowo pakati, timeneto ndi mphutsi za ntchentche ija timaidziwa kwathu yoikira mazira pa zovala zoyanika. Imaikiranso pa mchenga wa mkodzo ndi pa zogonera zonyowa. Pakani Vaseline pa kabowopo, mphutsi imatulutsa mutu, finyani pang'ono ituluke yathunthu. Zikachuluka, kapena ndi kamwana ka galu, kwa dokotala. Mabulangete a galu muzichapa, aume bwinobwino, kenako sitani.

9. Konzani pa yadi

Mbale ya chakudya isakhale panja tsiku lonse. Galu adye, pakatha mphindi 15 chotsani. Chakudya chotsala chimaitana apusi ndi makoswe, makoswe amaitana njoka, njoka ikumana ndi galu. Bini ikhale yotseka ndi loko kapena chingwe. Zungulirani mpanda kamodzi pa sabata, makamaka mvula ikagwa, muone pomwe pakumbika. Usiku agalu agone mkati kapena malo otseka, chifukwa agwape ambiri amaphedwa usiku ndi agalu odyetsedwa bwino a m'nyumba amene atulukira pa kabowo, m'mawa nkubwerako ngati palibe chachitika.

Inu a m'gadeni dziwani izi. Mbewu zofiira za cycad, chomera chija chonga kanjedza kakafupi chomwe azungu amachinyadira, zimaononga chiwindi cha galu ndipo zimapha, zikayamba kugwa tolani zonse. Mtedza wa macadamia umafooketsa miyendo yakumbuyo. Mankhwala a nkhono ndi a makoswe ikani pomwe galu sangafike. Kukhitchini, chokoleti, mphesa, anyezi ndi mafupa ophika a nkhuku musamupatse.

10. Zikavuta

Njoka. M'nkhalango za kugombe muli mamba wobiriwira, mamba wakuda, mphiri, ndi ija yolavula imene a Zulu amati mfezi. Galu akamauwa malo amodzi mosalekeza, mawu ake osiyana ndi a masiku onse, muitaneni kapena mukokeni, inu musalowetse mutu kukasuzumira. Akalavuliridwa m'maso tsukani ndi madzi ambiri a pa mpopi kapena a paipi ya m'gadeni mphindi 15, kenako kwa dokotala. Akalumidwa munyamuleni asayende, imbani muli m'njira kuti akonzekere ndipo akuuzeni ngati ali ndi mankhwala a ululu wa njoka. Osatema mphini, osayamwa, osamanga mwendo ndi lamba, osamwetsa mkaka, makala kapena mapiritsi a Allergex, zonsezi zimangodya nthawi. Njoka ijambuleni muli patali ngati nkotheka, musalimbane ndi kuipha, ambiri amalumidwa pomwepo. Pa foni mutha kuika app ya African Snakebite Institute, imathandiza kuzindikira njoka.

Poizoni. Akuba amaponya nyama yothira timibulu takuda, kuno amati two-step. Galu amachucha dovu, amanjenjemera, amasanza, amatsegula m'mimba. Apa ndi nkhani ya mphindi, thamangani naye, valani jumbo m'manja pomugwira, tsekerani agalu enawo, uzani abwana ndi alonda chifukwa usiku womwewo kutha kubwera anthu. M'mawa uliwonse yendani m'mbali mwa mpanda agalu asanatuluke.

Kutentha. Wefuwefu wosalekeza, lilime lofiira kwambiri, kudzandira. Pamthunzi msanga, muthireni madzi ozizira a pa mpopi thupi lonse makamaka pamimba, mupepeni mphepo, kenako kwa dokotala.

Kulumidwa ndi galu wosadziwika. Galu woyenda mosokonekera, dovu lili chuchuchu, woluma chilichonse, kapena nyama yakutchire yomwe ikubwera kwa anthu mopanda mantha, italikireni ndipo imbani foni. Galu wanu akalumidwa, kwa dokotala tsiku lomwelo olo anabayidwa kale. Mukalumidwa inu, kapena kukandidwa chabe, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15, pitani ku chipatala tsiku lomwelo mukanene kuti ndi galu wosadziwika. Jakisoni amabaya tsiku loyambalo, kenako patatha masiku 3, masiku 7, womaliza pakati pa masiku 14 ndi 28, malizani onse. Chonde musakhale kunyumba chifukwa choopa za mapepala kapena kujomba ku ntchito, chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro palibe amene angakuchizeni.

Zomwe timalakwitsa kawirikawiri

Kumasula galu poti palibe akuona. Ichi ndanena kale ndipo ndichibwerezanso, chifukwa chimabwera ngati chifundo, galu akukuyang'ana, kanjira kali zii, umati mphindi ziwiri zokha. Ngati mukufuna athamange, pemphani abwana agule chingwe chachitali cha mamita 10 mukamuthamangitse pa bwalo loyera kutali ndi tchire, kapena muponyereni mpira pa yadi mpaka atope.

Kuthamangitsa galu amene wapulumuka. Iye amayesa masewera nkumapitirira. Imani, muitaneni ndi mawu okondwa, gwedezani thumba la chakudya, kapena thamangirani mbali ina kuti akutsatireni. Akabwera musamumenye olo mtima ukuwawa bwanji, mupatseni chakudya nkumumanga. Ngati sanabwere pakatha mphindi 15 imbani foni, musadikire kuti kude.

Kupatsa galu mankhwala a anthu. Panado, Brufen, Grand-Pa, zimenezi zimaononga chiwindi, impso ndi m'mimba, ndipo Panado kwa mphaka ndi imfa.

Kudyetsa apusi chifukwa cha chisoni. Mawa abwera ndi gulu lonse, alowa m'khitchini mwa aneba, ndipo mapeto ake wina awaombera kapena alumana ndi galu wanu.

Kutola kamwana ka galu pa msewu nkukasakaniza ndi a abwana kapena kupatsa ana kuti azisewera nako. Tiana ta agalu natonso timakhala ndi chiwewe. Imbirani a SPCA.

Kubisa. Galu wadya chinthu, walumana ndi pusi, wagwira gwape, wapulumuka kwa ola limodzi nkubwerako, ife timakhala chete poopa ntchito. Dokotala amachiza msanga akadziwa chomwe chachitika komanso nthawi yake. Tumizani uthenga pa WhatsApp nthawi yomweyo, jambulani nkhama, bala kapena masanzi, lembani ola lomwe mwaziona, ndipo ngati abwana sakuyankha imbirani dokotala uja munasunga nambala yake.